Secretariat ndi ana ake aakazi

Secretariat anathamanga m'mipikisano kwa miyezi 16 yokha. Anayamba pa 4 Julayi 1972 pa bwalo la Aqueduct ku New York, n'kumaliza pa 28 Okutobala 1973 pa bwalo la Woodbine ku Toronto. Kuchoka apo anakakhala pa famu ya Claiborne ku Kentucky zaka pafupifupi 16, ntchito yake ili yobereketsa akavalo aakazi, mpaka imfa inamupeza konko. Anthu akamakamba za kavalo ameneyu amakamba za miyezi ija. Ine mtima wanga umatsalira pa zaka za pa famu, chifukwa ndi m'zaka zimenezo mmene ena anayamba kunena kuti wawagwiritsa fuwa lamoto. Mawu amenewo sanandikhalirepo bwino.

Kuti munthu amvetse chimene ankafuna kwa iye, ayambe wadziwa mmene eni akavalo a mtundu wa Thoroughbred amawerengera mtundu. Akavalo amenewa anayambira ku England, kumene kuyambira mu 1791 amalembedwa m'buku lotchedwa General Stud Book, ndipo mayiko ena ali ndi mabuku awo a dongosolo lomwelo. Ukatsata mzere wa abambo okhaokha, kavalo aliyense wa mtunduwu amakafika kwa mmodzi mwa amphongo atatu amene anabwera nawo ku England kuchokera kunja kalekale: Byerley Turk, Darley Arabian ndi Godolphin Arabian. Mayina a amayi nawo amalembedwa mosamala, koma ulemu ndi ndalama zimatsata wamphongo. Wamkazi amakhala ndi bere miyezi 11 n'kubereka mwana mmodzi. Wamphongo amatha kubereketsa makumimakumi m'nyengo imodzi. Ndiye kavalo akangotchuka, funso limabwera ndi lomweli: kodi adzasiya mwana wamwamuna wonga iye, woti dzina lipitirire?

Secretariat anabadwa pa 30 Malichi 1970 pa famu ya Meadow ku Virginia. Bambo wake anali Bold Ruler, wa banja la a Phipps, amene ana ake ankadziwika ndi liwiro koma ankakayikiridwa pa mtunda wautali. Mayi wake, Somethingroyal, anali ndi zaka 18, ndipo pa moyo wake analowa mumpikisano kamodzi kokha osaphula kanthu. Koma anali mwana wa Princequillo, kavalo amene mbewu yake sinkatopa msanga. A Phipps sankalipiritsa ndalama munthu akabweretsa wamkazi kwa Bold Ruler. Ankagawana ana, ndipo woyamba kusankha ankapezeka poponya ndalama yachitsulo m'mwamba. Mu 1969 mwayi unagwera Ogden Phipps, yemwe anatenga mwana wamkazi wa Somethingroyal wobadwa chaka chimenecho. Penny Chenery, amene ankayendetsa famu m'malo mwa bambo ake odwala, anatsala ndi mwana wina pamodzi ndi bere limene Somethingroyal anali nalo. M'bere limenelo ndi mmene munali kamwana kofiira psuu, ka miyendo itatu yoyera kumunsi, kamene a m'khola anadzakapatsa dzina loti Big Red.

Mpikisano wake woyamba anagundidwa ndi mnzake atangotuluka pa geti, n'kumaliza wachinayi. Pa mipikisano 8 yotsatira chaka chimenecho anafika woyamba ponseponse, ngakhale kuti umodzi anamulanda ati anapanikiza kavalo wina. Anasankhidwa kukhala kavalo wopambana onse m'chaka cha 1972 ku America ali ndi zaka ziwiri, zimene sizichitika kawirikawiri.

Chotsatira chake anthu amachidumpha, koma ine ndi pamene ndimaima. Mu Januwale 1973 Christopher Chenery, bambo a Penny komanso mwini famu, anamwalira, ndipo banja linatsala ndi msonkho waukulu wa chuma cha masiye. Kuti famu isagulitsidwe, anagulitsa tsogolo la kavaloyo. Seth Hancock wa ku Claiborne, mnyamata amene nayenso anali atangotaya bambo ake, anagawa Secretariat m'magawo 32, lililonse pa madola 190,000, zonse pamodzi madola 6.08 miliyoni. Panalibe kavalo amene anagulidwapo pa mtengo wotere. Wogula gawo ankakhala ndi ufulu wobweretsa wamkazi mmodzi chaka chilichonse, ndipo pangano linali lakuti kavaloyo asiye kuthamanga chaka cha 1973 chikamatha. Apa n'kuti asanapambane ngakhale umodzi wa mipikisano imene timamukumbukira nayo. Ana ake anali atagulidwa kale iye asanaonetse kuti ndi ndani. Ngongole imene anadzamuimba nayo mlandu pambuyo pake inasainidwa nthawi imeneyo, iye ali m'khola kudya udzu.

Patatsala masabata awiri kuti Kentucky Derby ichitike, anagonja mu Wood Memorial, kumaliza wachitatu pambuyo pa Angle Light ndi Sham. Zinadziwika kenako kuti anali ndi chithupsa m'kamwa, ndipo chitsulo cha m'kamwa chinkamupweteka. Ogula magawo mitima inali m'mwamba, ndipo nkhani ija yoti ana a Bold Ruler satha mtunda inayambiranso. Pa 5 Meyi, pa bwalo la Churchill Downs ku Louisville, anatuluka pa geti ali kumapeto kwenikweni kwa akavalo 13. Mtunda wake ndi pafupifupi mamita 2,000. Kavalo aliyense amayamba mwamphamvu n'kumachepetsa akamatopa, koma iye chigawo chilichonse cha mpikisanowo anachithamanga mofulumira kuposa chimene wachisiya kumbuyo. Anamaliza pa mphindi imodzi ndi masekondi 59.4. Wachiwiri anali Sham, amene anali atamenyetsa kamwa pa geti n'kuvulala mano. Patapita masabata awiri, mu Preakness ku Baltimore, Sham anabweranso wachiwiri. Ndimamuganizira kwambiri Sham. Akanabadwa chaka china bwenzi nkhani ili ya iyeyo.

Belmont Stakes inachitika pa 9 Juni ku New York, mtunda wa pafupifupi mamita 2,400, akavalo asanu okha. Filimu yake ilipo pa intaneti, zithunzi zosaoneka bwinobwino ngati mmene zinkakhalira za nthawi imeneyo. Secretariat ndi Sham anachoka limodzi, phewa ndi phewa, pa liwiro limene odziwa za akavalo ataona pa wotchi anangoti onse awiri agwa asanafike. Cha pakati pa mtunda Sham anayamba kutsalira, mpaka anadzamaliza wotsiriza. Secretariat sanachepetse. Mpata unayamba kukula, ndipo wojambula anachita kubweza kamera m'mbuyo kuti akavalo enawo aonekeko. Ron Turcotte, amene anamukwera, sanamukwapule. Anangokhala chowerama pa khosi pake, manja akuyenda motsatira mutu wa kavaloyo. Pali chithunzi chodziwika chimene anajambulidwa akuyandikira pothera: Turcotte watembenuza mutu, ndipo kumbuyo kwake akavalo ena akuoneka ting'onoting'ono kutali. Anapambana ndi mpata wokwana akavalo 31 atandondozana, mamita opitirira 70, pa mphindi 2 ndi masekondi 24. Panali patadutsa zaka 25 chipambanireni Citation mipikisano itatu yonseyi, imene amaitcha Triple Crown, mu 1948. Anthu masauzande amene anabetcha pa iye tsikulo sanapite kukatenga ndalama zawo; anasunga matikiti.

Chimene chimandigwira mtima ndikamaonera filimuyi ndi mbali yomaliza ija. Mpikisano unali utatha kale, woti n'kumupitirira panalibe, womukakamiza panalibenso. Kavalo sadziwa wotchi, sadziwa chikho, sadziwa za msonkho wa a Chenery. Anangothamanga chifukwa thupi lake tsiku limenelo linkatha kutero. Zinthu zotere sizichitika chifukwa munthu wazilamula, ndipo ndimakhulupirira kuti amene analipo anadziwa zimenezi mumtima. Anadzaiwala pambuyo pake, zitafika pa ana.

Chaka chimenecho anagonjanso kawiri, kwa Onion ku Saratoga ndi kwa Prove Out mu Woodward, akavalo onse awiri ophunzitsidwa ndi Allen Jerkens. Anapambana Marlboro Cup patsogolo pa mnzake wa khola limodzi, Riva Ridge, kenako mipikisano iwiri ya pa udzu. Womaliza wa ku Toronto uja anamukwera Eddie Maple chifukwa Turcotte anali pa chilango. Zonse pamodzi: mipikisano 21, wapambana 16, ndalama madola 1,316,808. Anali ndi zaka zitatu. Kavalo wa mtunduwu amakhwima kwenikweni pa zaka zinayi kapena zisanu, kotero palibe anamuonapo Secretariat atafika pachimake. Zimenezi zimandiwawa, ngakhale ndikudziwa kuti bwalo si malo achifundo. Sham anapezeka ndi fupa la mwendo long'aluka patangopita masabata ochepa chichitikireni Belmont ndipo sanathamangenso. Turcotte anagwa pa kavalo wina pa Belmont Park pomwepo mu 1978 n'kufa ziwalo kuyambira m'chiuno. Mwina pangano la ndalama lija linamupulumutsa kavaloyo ku zina zotere. Sindinganene kuti ndicho chinali cholinga chake.

Mu Novembala 1973 anamukweza ndege kupita ku Kentucky pamodzi ndi Riva Ridge. Anamuperekeza Eddie Sweat, bambo wachikuda wa ku Holly Hill ku South Carolina, amene ankamusamalira m'khola la mphunzitsi Lucien Laurin. Ntchito ya munthu wotere siioneka pa filimu. Amadzuka kusanache, kudyetsa, kuchotsa ndowe, kusambitsa, kupesa ubweya, kutsuka ziboda, kusisita miyendo ndi manja kuti amve ngati pena patentha, n'kuikulunga nsalu. Kavalo akasiya chakudya m'chodyera, woyamba kudziwa ndi iyeyo. Pa chithunzi china cha ulendo umenewu, m'ndegemo Secretariat waluma jekete la Sweat, awiriwo atagundanitsa mitu. Pa china Sweat wakhala yekha pa kampanda kakafupi ku Claiborne atapereka kale kavaloyo kwa antchito a pa famu, akupukuta misozi. Iye analibe gawo pa magawo 32 aja. Anamwalira mu 1998 alibe chuma chilichonse choti n'kutchula. Lero ku Kentucky Horse Park ku Lexington kuli chipilala chosonyeza Sweat akutsogolera kavaloyo, Turcotte ali pamsana.

Moyo wa pa famu unali wa phee. Khola lake, msipu wake wotchingidwa ndi mpanda, ndi alendo obwera kudzamuona chaka chonse. Malamulo a Thoroughbred salola kubereketsa ndi jakisoni. Wamkazi ayenera kubwera yekha kwa wamphongo, ndipo nyengo yake kumpoto kwa dziko imayamba mu Febuluwale, chifukwa kavalo aliyense kumeneko amawonjezera chaka pa 1 Januwale ndiye eni ake amafuna ana obadwa kumayambiriro kwa chaka. Asanayambe ntchito anamuyesa kaye pa akavalo a mitundu ina, moti mwana wake woyamba, First Secretary, anabadwa kwa mayi wa mtundu wa Appaloosa. Ana enieni atafika pa msika mu 1976, mmodzi wotchedwa Canadian Bound anagulidwa pa madola 1.5 miliyoni ali ndi chaka chimodzi, woyamba kudutsa miliyoni pa msinkhu umenewo. Sanapambane mpikisano ndi umodzi womwe. Kung'ung'udza kunayambira pamenepo.

Komatu mndandanda wa ana ake si wochititsa manyazi. Ana 663 anapatsidwa mayina, 341 anapambanako mpikisano, ndipo oposa 50 anapambana mipikisano ikuluikulu. General Assembly anabwera wachiwiri mu Kentucky Derby ya 1979 n'kupambana Travers chaka chomwecho. Risen Star anatenga Preakness ndi Belmont mu 1988. Kingston Rule anapambana Melbourne Cup ku Australia mu 1990 pa liwiro limene linakhala rekodi ya mpikisanowo. Kavalo wina aliyense akanabereka oterewa akanatamandidwa. Iye ankamuyeza ndi tsiku la 9 Juni 1973, ndipo pa ana ake aamuna panalibe amene anafika pamenepo, panalibenso amene anadzakhala kholo la mzere waukulu.

Ndimaona kuti mlandu umenewu unali wopanda chilungamo kuchokera pa chiyambi. Mwana amatenga theka kwa bambo, theka kwa mayi, ndipo theka limenelo silisankhidwa ndi munthu. Chimene chinapanga Secretariat chinali kukumana kwa zinthu zambiri nthawi imodzi: liwiro la Bold Ruler, kupirira kwa Princequillo, chifuwa chachikulu, miyendo yotambasuka, kudya bwino, mtima wofatsa pa bwalo. Pobereka, mtolo umenewu umamasuka, ndipo mwana aliyense amatolapo zake. Amene anapereka madola 190,000 ankadziwa zimenezi kuposa ine. Koma kudziwa ndi kwina, kulakalaka ndi kwina. Ndaonapo anthu akuchita chimodzimodzi ndi ana a anthu aluso, kumuyang'ana mwana m'maso kufunafuna bambo ake, osamuona mwanayo. Mwana wotere amakula akudziwa kuti pali chimene akuperewera, ngakhale palibe anamuuza.

Pamene anthu maso anali pa ana aamuna, ana aakazi ankabereka. Terlingua, amene anali waliwiro kwambiri ali wamng'ono, anabereka Storm Cat mu 1983. Storm Cat anadzakhala wamphongo wodula kwambiri ku America, kufika pa madola 500,000 kuti akwere wamkazi mmodzi. Secrettame anabereka Gone West, kholo la mzere wina wamphamvu. Weekend Surprise anabereka Summer Squall, wopambana Preakness mu 1990, kenako A.P. Indy, wopambana Belmont mu 1992 pa mphindi 2 ndi masekondi 26, kavalo wopambana onse chaka chimenecho. Kwa A.P. Indy kunachokera Pulpit, kwa Pulpit kunachokera Tapit. Mu 1992 momwemo Secretariat anakhala woyamba ku North America pa mndandanda wa amphongo amene zidzukulu zawo zobadwa kwa ana aakazi zinapata ndalama zambiri. N'kuti atamwalira zaka zitatu zapitazo.

M'mabuku a akavalo, Storm Cat amawerengedwa ku mzere wa Northern Dancer, Gone West ku mzere wa Mr. Prospector, A.P. Indy ku mzere wa Seattle Slew. Dzina la Secretariat limakhala m'munsi, ku mbali ya mayi. Kwa Mchewa izi n'zachilendo pang'ono, paja kwathu mtundu umayenda ndi mayi. Mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume, ndipo ufumu ukasowa wolowa amayang'ana kwa ana a mlongo wa mfumu. Munthu woleredwa m'kawerengedwe kameneka akaona mndandanda uja saona mzere umene unafa. Amaona mudzi wodzaza. Sindikunena kuti kawerengedwe kathu n'kolondola kuposa ka Angelezi; magazi sadziwa buku la munthu aliyense. Koma kumene munthu unaphunzitsidwa kuyang'ana n'kumene umaona zinthu, ndipo iwo kwa zaka zambiri ankayang'ana mbali imodzi.

Sindikufunanso kuti ana aakaziwa akhale ofunika kokha chifukwa anabereka amphongo otchuka, ngati kuti ntchito yawo inali kubweza ngongole ya bambo wawo. Mwana wa Secretariat amene anathamanga bwino kuposa onse anali wamkazi. Lady's Secret, kakavalo kotuwa, kakang'ono thupi, kosafanana n'komwe ndi bambo wake pa maonekedwe, analowa m'mipikisano 45 n'kupambana 25. Mu 1986 anagonjetsa amphongo mu Whitney ku Saratoga, mpikisano womwe uja bambo wake anagonja kwa Onion, ndipo anasankhidwa kukhala kavalo wopambana onse chaka chimenecho. Iye sanadzabereke mwana wodziwika. Zimenezi sizichotsa kanthu pa zimene anachita ndi miyendo yake.

Mu 1989 Secretariat anadwala laminitis, matenda a ziboda. M'kati mwa chiboda muli timinofu timene timamatiriza chikhokho chakunja ku fupa la phazi. Timinofu timeneti tikatupa n'kuyamba kulekana, fupa limapendekeka kapena kutitimira, ndipo kuima kokhako kumakhala ululu wosaneneka. Chinyama cholemera makilogalamu oposa 500 sichingakhale chogona nthawi yaitali, ndiye kothawira kulibe. Anayesa kumuchiza pafupifupi mwezi wathunthu. Pa 4 Okutobala anamubaya jakisoni woti apume, ali ndi zaka 19. Mwambo wa kumeneko ndi wokwirira mutu, mtima ndi ziboda zokha za kavalo wotchuka, koma iye anamuika thupi lonse pa manda a ku Claiborne.

Dokotala amene anayeza mtembo, Thomas Swerczek wa ku University of Kentucky, anapeza mtima waukulu modabwitsa koma wopanda nthenda. Sanauike pa sikelo. Anayerekeza kuti unali pafupifupi makilogalamu 10, pamene wa kavalo wamba wa mtunduwu umakhala cha m'ma 4. Kuchokera apo ena anayamba kuphunzitsa kuti mtima waukulu umadzera kwa mayi, kuti iye anautenga kwa Princequillo kudzera mwa Somethingroyal n'kuupereka kwa ana aakazi okha. Asayansi sanatsimikize zimenezi, ndipo ngakhale zikugwirizana ndi zimene ndanenazi, sindizitsamira. Zikhoza kuthekanso kuti ana ake aakazi anachita bwino chifukwa anabadwa kwa amayi osankhidwa mwa osankhidwa, n'kupititsidwanso kwa amphongo abwino kwambiri a nthawi yawo. Chimene chili chodziwika ndi mayina olembedwa m'mabuku, ndipo mayinawo ndi okwanira kundiuza kuti kavaloyu sanalephere ku Claiborne.

Triple Crown itasowa woitenga kwa zaka 37, American Pharoah anaitenga mu 2015. Mayi wake ndi mdzukulu wa Storm Cat, mwana wa Terlingua. Justify anaitenganso mu 2018; ku mbali ya bambo amachokera kwa Storm Cat, ku mbali ya mayi amakafika kwa A.P. Indy, mwana wa Weekend Surprise. Onse awiri anamaliza Belmont mochedwerapo ndi masekondi oposa awiri poyerekeza ndi kholo lawo, ndipo nthawi zimene Secretariat anathamanga mu Kentucky Derby, mu Preakness ndi mu Belmont m'chaka cha 1973 palibe kavalo amene waziposa m'mipikisano imeneyi mpaka lero.